Kalata kwa Thoko, za diso la khanda la Nachisale

Thoko mnzanga,

Kalata yako yafika, chithunzi chija ndachionanso. Chijasi chimenecho unagula wekha kapena unabwereka kwa chimphona? Mphuno yokha ndiyo ikuoneka. Kaya ku Leeds kumazizira motani, ife sitinakutumize kuti ukatichititse manyazi.

Kuno tilipo. Ukwati wa Chikondi unachitika, a Phiri anapuma pantchito. Shuga wakweranso, magetsi akuthima tisanaphike, ndipo choko kusukulu tikuchita kugawana zidutswa.

Koma chandilembetsa ndi Nachisale. Anachira bwino, mwana wamkazi, wonenepa, woyamwa mwamphamvu. Diso lake lamanzere ndilo lautsa mapiri pachigwa. Mboni si yozungulira, yatsetserekera kumunsi chakumphuno, ndipo akamutulutsa padzuwa amatsinzina n'kuyamba kulira. Kuchipatala anati ndi coloboma. Apongozi ake akuti ayi, mkaziyu anaseka munthu wa diso limodzi ali ndi pakati. Azakhali a mwamuna akuti pali amene anachita zake. Nachisale wasiya kupita kumjigo masana, mwana amamufunditsa kumutu ngakhale kutenthe bwanji. Iwe ukumudziwa, munthu amene sanasekepo wina aliyense chibadwire.

Ine tulo tinandithawa. Mabuku a bayoloje omwe ndimaphunzitsira nkhani ya diso amayambira pa diso lopangika kale, ndiye ndakhala ndikuwerenga pafoni usiku mpaka bandulo kutha. Iwe namwino mwina uziti ndikukuphunzitsa zako zomwe, koma undimvere, kuno ndilibe wouza.

Diso limayamba kuoneka pa mluza cha pa tsiku la 22, nthawi imene mayi akungodabwa kuti mwezi wamupitirira. Limaphuka kuchokera ku ubongo, timatumba tiwiri, kwina kamodzi kwina kamodzi. Kathumbako kakakhudza khungu lakunja, khungulo limakhuthala pamalopo n'kulowa mkati, kenaka limaduka n'kukhala lenzi, kagalasi ka m'kati mwa diso. Nako kathumba kamabwerera mkati n'kukhala kachikho komwe kadzakhale retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala. Kunsi kwa kachikhoko kumatsala mpata woti mtsempha wamagazi ulowerepo. Mpata umenewu umayenera kutsekeka pofika sabata ya 7, ndipo umatsekeka ngati msoko wa telala, kuyambira pakati kupita uku ndi uku. Pamene msoko sunafike, pamatsala pobooka. Ndi chifukwa chake vutoli limakhala kumunsi kwa diso, osati kumtunda. Ndinayang'ana diso la mwanayo n'kuona kuti lili ndendende pamalo pamene mabuku akunena, mpaka thupi linachita tsemwe.

Chimene chandigwira mtima ndi chomwe chimalumikiza mbali ziwirizo. Maselo sangoyandikana chabe, amagwirana ndi mapuloteni omwe ali pakhungu pawo. Odziwika kwambiri ndi ma cadherin, omwe anawatulukira Masatoshi Takeichi wa ku yunivesite ya Kyoto ku Japan. Mu 1977 iye anasonyeza kuti pali kugwirana kwa maselo komwe kumafuna kashiamu, ukachotsa kashiamuyo maselo amamwazikana. Ma cadherin alipo amitundumitundu, ndipo selo limakonda kugwirana ndi linzake lokhala ndi mtundu womwewo. Khungu lakunja lili ndi E-cadherin, pamene maselo a ubongo ndi retina ali ndi N-cadherin. Pa mbewa za mu labotale, atachotsa mitundu iwiriyi m'maselo opanga lenzi, lenziyo inalephera kudukako bwino ku khungu lakunja. Pa tinsomba ta zebrafish topanda N-cadherin, retina imasokonezeka, maselo ake osakhala m'mizere yake. Ndiye ganiza, Thoko, pena maselo ayenera kusiyana, pena ayenera kugwirana, zonsezi m'masabata ochepa, pa kanthu kosaposa nyemba. Ndikaganiza zimenezi ndimadabwa kuti ambirife maso athu anatuluka athunthu.

Si kuti coloboma yonse imachokera ku ma cadherin, ma gene (malangizo achibadwa a m'maselo) okhudzidwa ndi ambiri, monga PAX2 ndi CHD7. Komanso usamve za kashiamu n'kuganiza kuti Nachisale sankadya bwino, sizikukhudzana. Ndanena dala chifukwa mawu amenewa akangofika kwa apongozi aja, mlandu usanduka wa chakudya. Mfundo yanga ndi yakuti zonsezi zinatha mimba isanayambe n'kuoneka komwe. Munthu wa diso limodzi akumunenayo, ngati alikodi, Nachisale akanakumana naye msoko utatha kale.

Ndinayesa kufotokozera apongoziwo. Ndinajambula pansi ndi kamtengo, iwo anamvetsera mwaulemu, kenaka anati, "Aphunzitsi, zasukuluzo tazimva, koma pamtundu pathu izi kulibe." Ndinabwerera mtima ukuwawa. Mwamuna wa Nachisale naye wangokhala duu, akuopa mayi ake.

Tsopano nkhawa yanga yapita kwina. Ngati mpata uli kutsogolo kokha, pa chakuda cha diso, mwana atha kumaona bwinobwino, kungoti kuwala kuzimuvutitsa. Koma ngati wafika kumbuyo ku retina kapena ku mtsempha wa diso, pamenepo palibe opaleshoni yotseka, ndipo mbali ina sadzaona. Penanso vutoli limabwera limodzi ndi la mtima kapena la makutu. Chiwerengereni zimenezi, ndikapita kumeneko ndimawomba m'manja kumbuyo kwa khandalo kuti ndione ngati adzidzimuke. Amadzidzimuka. Mawa lake ndimakawombanso. Ndafika poyang'ana maso a ana onse m'kalasi, ndi a ana a pamsika, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndikufuna kugula tomato kapena mwana.

Kuchipatala anawauza kuti apite naye mwanayo ku Lions Sight First, ku Queens ku Blantyre, akamuunike kumbuyo kwa diso. Vuto ndi thiransipoti ya anthu awiri ndi kogona. Ine ndalonjeza theka mwezi ukatha. Sindikukupempha, koma ukudziwa kuti mapaundi ako akafika kuno amabereka. Komanso ufunse madokotala a maso kuntchito kwako ngati mwana wamng'ono chonchi angavale magalasi akuda, chifukwa chofunda chakumutu chija chikumutulutsa nsungu.

Pepala latha, ndikulemba m'mphepete. Za mbuzi zako zija, a malume akuti ziwiri zija

Ndine wako,
Nabanda