Bwezani lenzi ya Bolex yanga

Kwa inu eni shopu yokonza makamera akale kuno ku Johannesburg,

Ndalemba poyera chifukwa foni simukuyankha, ndipo mauthenga anga pa WhatsApp mumangowerenga n'kukhala duu. Miyezi itatu yapitayo ndinabweretsa kwa inu kamera yojambulira kanema, Bolex H16 Reflex, imene anandisiyira malemu malume anga. Ntchito inali imodzi yokha: kutsuka ndi kuthira mafuta, chifukwa sipuling'i yake inkafooka pakati pojambula. Kamera imeneyi siidziwa batire. Ukaipukusa mpaka kumapeto imayenda masekondi pafupifupi 28, ndipo zimenezo mwakonzadi, sindikukana.

Koma lenzi mwandibwezerayi si yanga.

Yanga inali Kern Switar 25mm, yopangidwa ku Aarau m'dziko la Switzerland, ndipo inali ndi zilembo RX. Mwaikapoyi ilibe RX, dzina lake ndi lachilendo. Mnyamata wanu wa pakauntala anandiuza kuti lenzi ndi lenzi basi. Achikulire, inu amene mwakulira m'ntchitoyi mukudziwa kuti si zoona. Kuyambira 1956, pamene a Paillard, kampani yomwe inkapanga Bolex, anatulutsa mtundu wa Reflex, kuseri kwa lenzi kumakhala kagalasi kopatutsa kuwala kwina kuti wojambula aziona chimene akujambula. Malenzi a RX anawapangira kagalasi kameneko. Ukaikapo ina n'kutsegula kwambiri kabowo kake kolowera kuwala, chithunzi chimatuluka chachimbuuzi. N'chifukwa chake osonkhanitsa makamera akale akaona Bolex amayamba ayang'ana malenzi ndi manambala ake asanatchule mtengo.

Chandipweteka kwambiri ndi kachitsulo kolowetsamo fyuluta yosefa kuwala, kaja kamakhala kuseri kwa mbale yozungulira ya malenzi atatu. Simunakabwezeretse, ndipo ine sindinazindikire. Kampata kameneko kakakhala pululu, kuwala kumalowa mpaka pa filimu. Ndinagula filimu ya 16mm ya mafiti 100, yomwe siikwana ngakhale mphindi zitatu, n'kujambula ubatizo wa mdzukulu wa malumewo. Azakhali anakhala pamzere wakutsogolo atavala chitenje chatsopano, misozi ili m'maso poona kamera ya amuna awo ikulira tcherere ngati kale. Filimu itabwera kotsukitsa, paliponse mizere yoyera mbuu, nkhope ya mwana osaoneka. Mpaka lero sindinawauze.

Bolex H16 inayamba kupangidwa mu 1935, ndipo zipangizo zake sizipezeka pa shopu iliyonse. Malume ankaisunga m'bokosi lachikopa, atakulunga lenzi iliyonse m'kansalu kakekake. Sindinabwere nayo kwa inu kuti mudzasankhepo zokukomerani.

Chithunzi cha nambala ya Switar yanga ndili nacho, ndinachijambula pakauntala panu tsiku lomwe ndinkakusiyirani, ndipo lisiti lanu lalembedwa malenzi atatu. Ndalama ya filimu ndi yotsukitsa mundibwezere. Lenzi ndi kachitsulo ka fyuluta ndikufuna zanga zomwezo, osati zofanana nazo. Ndibwera Lachisanu m'mawa, ndidzazipeze zili pakauntala.