Lipoti la msonkhano wa ku parishi wokonzekera msika wa Adiventi

Amayi wapampando ndi amayi anzanga nonse, ndinapitadi kumene munandituma Loweruka, ku holo ya parishi yathu kuno ku Vienna. Tebulo atipatsa, ndipo lili pafupi ndi khomo. Koma pali pempho limodzi: kuwonjezera pa mandasi ndi zitumbuwa zathu, gulu lililonse libweretse Vanillekipferl, poti anthu akuno akafika pamsika wa Khirisimasi amayamba kufunsa zimenezo.

Amene simunalawepo, ndi timabisiketi topindika ngati mwezi ukangooneka kumene, tofewa moti timasungunuka pakamwa. Anatiphunzitsa ndi agogo ena a mu kwaya, ndipo muyezo wawo ndinaulemba: ufa wa tirigu magalamu 280, batala magalamu 210, mtedza wa amondi kapena wa walnut wopera magalamu 100, shuga magalamu 70. Dzira sathiramo, madzi ayi, zofufumitsa ayi. Chimene chimamanga zonse ndi batalayo.

Apa ndi pamene ndikufuna timvane. Ndinafunsa ngati tingagwiritse majarini kuti tisawononge ndalama zambiri. Agogowo anangoniyang'ana osayankha, kenaka anandipatsa kabisiketi kamodzi kuti ndilawe. Amayi, tisadzivute, tigule batala. Akhale wozizira, wodula timagawo, ndipo tikande mofulumira asanasungunuke m'manja. Tikatero tiike mu firiji kwa ola limodzi, kenaka tizidula tizidutswa ngati chala chaching'ono, kuwongola pakati pa zikhatho ndi kupinda. Uvuni ukhale pa madigiri 170, mphindi 10 mpaka 12, tichotse tisanapse kufiira. Ntchito yovuta ndi kugubuduza mu shuga wosalala wa vanila tidakali tofunda. Mukafulumira timathyoka, mukachedwa shuga sakakamira. Ine ndinathyola tisanu ndi tiwiri, ndipo ndinadya ndekha kuti umboni usaoneke.

Pa tiyi munabuka nkhani yoti kupindikaku kukukumbutsa mwezi wa pa mbendera ya asilikali a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey amene anazinga Vienna mu 1683. Bambo wina wophunzitsa mbiri anati imeneyo ndi nthano chabe. Chodziwika n'chakuti vanila anali wa anthu olemera mpaka mu 1874, pamene Wilhelm Haarmann ndi Ferdinand Tiemann anapeza ku Germany njira yopangira vanillin, chinthu chimene chimapatsa vanila fungo lake, shuga wa vanila n'kufika m'makhitchini a anthu wamba.

Zogwiritsa nsinjiro m'malo mwa amondi ndinawafunsanso a ku parishiwo, monga munandiuzira. Sanakane, koma anati tisazitchule Vanillekipferl chifukwa mtedza wathu wokazinga fungo lake limaphimba vanila. Amafunanso kapepala pa mbale iliyonse kosonyeza mtundu wa mtedza, popeza ena matupi awo sagwirizana nawo. Nditatchula makademiya a ku Thyolo maso awo anawala. Maganizo anga ndi akuti tipange mbale ziwiri, ya amondi monga mwa mwambo wawo, ndi ya makademiya ngati wina akadali nawo ochokera kumudzi.

Mabisiketiwa amakoma kwambiri akagona masiku angapo m'chitini chotseka bwino, choncho tiphike sabata imodzi msika usanafike. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tigwirizane za chopereka cha batala, ndiponso amene ali ndi uvuni waukulu atiuze ngati tingasonkhane kwawo.