Lipoti la ulendo wanga ku msonkhano wa mbiri ya mabanja a Ayuda ku London

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo nonse a m'bungwe lathu la maliro kuno ku Britain, ndakupatsani moni. Ndabwerako bwino ku London kumene munandituma. Msonkhano unali wa IAJGS, mgwirizano wa mabungwe a Ayuda ofufuza mbiri ya mabanja awo, ndipo unachitika kuyambira pa 30 Julaye mpaka pa 3 Ogasiti 2023 pa hotela ya Park Plaza Westminster Bridge. Ndikudziwa kuti ena munadandaula kuti ndalama za maliro zikukatani ku msonkhano wa anthu a chipembedzo china. Ndikupempha kuti muwerenge kaye mpaka kumapeto.

Maphunziro anali ambiri, angapo nthawi imodzi. Za DNA ndi za mapulogalamu ojambulira mzere wa makolo ndinalowako, koma sizikutikhudza kwenikweni. Mtima wanga unatsalira pa nkhani ya manda.

Anzathuwa ali ndi kaundula wa pa intaneti wotchedwa JOWBR, pansi pa bungwe la JewishGen lomwe linayamba mu 1987. Muli mayina mamiliyoni a anthu oikidwa m'manda a m'mayiko ambirimbiri. Amene amalemba ndi anthu wamba odzipereka. Wina amapita kumanda kukajambula ziliza, wina amakopera buku lakale la gulu loika maliro lomwe iwo amati chevra kadisha, wina amamasulira Chiheberi, kenako zonse zimalowa mu fomu imodzi yofanana: dzina, tsiku lomwalira, dzina la manda, chigawo, mzere ndi nambala ya manda. Chevra kadisha ndi anthu osambitsa ndi kuika maliro, ngati mmene alili adzukulu kwathu, kungoti iwowa ankagwiranso cholembera.

Phunziro la kawerengedwe ka chiliza ndi limene ndikanakonda nonse mukanakhalapo. Pamwamba pamakhala zilembo ziwiri zotanthauza kuti pano pagona uje. Kenako dzina la malemu ndi la bambo ake, lolumikizidwa ndi mawu akuti ben, mwana wamwamuna wa, kapena bat, mwana wamkazi wa. Ndiye kuti mwala umodzi umakupatsa mibadwo iwiri nthawi imodzi. Pansi pali zilembo zisanu zochokera pa 1 Samueli 25:29, pempho loti moyo wa malemu umangidwe m'phukusi la amoyo. Mukaona manja awiri otambasula zala, ameneyo ndi wa mbumba ya ansembe, ya Aroni. Mukaona mtsuko wothirira madzi, ndi Mlevi. Chaka chimalembedwa ndi zilembo zoimira manambala, motsata kalendala ya Ayuda, ndipo kawirikawiri masauzande amawasiya. Zilembo za 400, 200, 80 ndi 3 zimapanga 683, kutanthauza chaka cha 5683, ndipo ukaonjezera 1240 pa 683 umapeza chaka chathu cha 1923. Koma chaka chawo chimayamba mu Seputembala kapena Okutobala, choncho amene anamwalira m'miyezi yoyambirira ya 5683 anamwalira mu 1922. Tsikunso kwa iwo limayamba dzuwa likalowa, ndiye imfa ya usiku imatha kusiyana tsiku limodzi ndi kalata ya boma. Ndinayesera ndekha pa zithunzi ndipo ndinakhoza. Thupi linachita tsembwe poona dzina la munthu wa zaka zana zapitazo likutuluka m'zilembo zomwe m'mawa womwewo sindinkazidziwa.

Madzulo ena ndinakwera sitima ya pansi kupita ku Mile End, ndi ndalama yanga, kukaona manda a Novo omwe anatsegulidwa mu 1733. Lero ali pakati pa nyumba za yunivesite ya Queen Mary, miyala yake yogonekedwa pansi motsata mwambo wa Ayuda ochokera ku Spain ndi Portugal. Mu 1974 mafupa a anthu pafupifupi 7,000 anafukulidwa m'chigawo chakale kupita nawo ku Brentwood ku Essex. Mdzukulu wofuna kudziwa za anthu amenewo lero amadalira buku la maliro la mpingo wa Ayuda wa Bevis Marks, umene unkaika maliro kumeneko. Nditaima pamenepo ndinakumbukira matchona athu, amene anapita ndi Wenela ku migodi ya ku Joni ndi ena a m'mafamu a ku Zimbabwe, omwe mpaka lero abale sadziwa kumene anagona.

Apa ndiyenera kunena zomwe zakhala zikundiwawa. Buku lathu lachikuto cholimba, lomwe muli mayina a abale onse amene bungwe lino laika kapena kutumiza kumudzi, lidakali kunyumba kwa mlembi wakale. Nkhaniyi yakambidwa pa misonkhano itatu, ndipo nthawi zonse yankho ndi lakuti tidzaona. Chaka chatha banja lina linaimba foni kuchokera kumudzi kufunsa nambala ya manda a malume awo kuti limange chiliza, ndipo tonse tinangoyang'anana. Ife amene tinanyamula bokosi! Zinatenga masabata kuti tipeze, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Lamulo limodzi la olemba kaundula ndi lakuti ulembe zomwe waona, ngakhale ukuganiza kuti wosema analakwitsa, ndipo maganizo ako uwaike padera. Ine ndikugwirizana nalo kwathunthu. Dzina limodzi lachiyuda limatha kulembedwa mosiyana m'Chiyidishi (chiyankhulo cha Ayuda a ku Ulaya), m'Chirasha ndi m'Chingerezi, n'chifukwa chake mu 1985 Gary Mokotoff ndi Randy Daitch anakonza njira yosaka mayina potsata kamvekedwe kake. Nafenso vutoli tili nalo: Mbewe ndi Mbebe, Mwale ndi Mwali, ndi amene anasintha dzina kuti apeze chitupa cha ntchito. Tikayamba kukonza mayina mmene tikufunira, tidzasokoneza adzukulu athu.

Pomwe sindikufuna kuti tingotengera ndi pa dzina la bambo lokha. Kwa ambiri a ife Achewa, Amang'anja ndi Ayao, munthu amadziwika ndi kuchikazi. Fomu yathu ikhale ndi dzina la mayi, la bambo, mfunda, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Ndamva kale ena akuti zimenezi n'zochuluka ndipo tingolemba dzina ndi tsiku. Ayi, a Phiri omwalira mu Juni ndi angati? Popanda mudzi, dzinalo silithandiza aliyense. Za kujambula manda a kumudzi, ndikuti tisathamange. Kwathu kumanda sikulowedwa popanda chilolezo cha mfumu, ndipo m'midzi ina ndi kudambwe. Tiyambe ndi manda a kuno, omwe makhonsolo ali nawo kale manambala ake, ndipo banja lililonse livomere kaye dzina lisanaikidwe poti anthu aone.



Za ndalama, malisiti a sitima, chakudya ndi kulembetsa ndapereka kwa a Msungichuma. Alawansi inafika nditabwerako kale, moti ulendo wonse ndinayendera khadi langa, ndipo ndikupempha kuti wotumidwa wina asadzaonenso zotere. Pa msonkhano wa mwezi uno ndikupempha mphindi 30 kuti ndionetse fomu yomwe ndakonza, anthu awiri odzipereka oti tigwire nawo ntchito, komanso kuti a Tcheyamani atume munthu akatenge buku lija tsikulo lisanafike.