Kalata kwa Achimwene: Za Ulendo wa ku Ireland ndi Scotland pa Galimoto ya Hayala

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kuno ku Glasgow tili bwino, kungoti kwayamba kuda msanga.

Ndondomeko ya ulendo imene a kampani ya galimoto za hayala akutumizirani ija ndaiwerenga, ndipo poti munati ndisakubiseni kanthu, musalipire kaye. Ireland, Scotland, Wales, Cornwall, Isle of Man ndi Brittany m'masiku 12 ndi ulendo wokhalira m'galimoto. Madera asanu ndi limodziwa ndi a anthu achi Celt onse, inde, koma ndi otalikirana, ndipo pakati pa ena pali nyanja. Mukalipira ndalama zambiri kuti inu, alamu ndi amayi mukaonere dziko pawindo. Sankhani awiri, Ireland ndi Scotland, muwapatse masabata awiri.

Nkhani ya maviza nayonso ikugwirizana nane. Viza ya UK ndi imene imakulowetsani ku Scotland, Wales, Cornwall ndi Northern Ireland. Republic of Ireland, komwe kuli Dublin, ili ndi viza yakeyake, ndipo sili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi. Brittany ali ku France, ndiye kumeneko nkofunika viza yachitatu. Pochoka ku Dublin kupita ku Belfast palibe chipata kapena woona mapasipoti. Mumangoona zikwangwani zasintha kuchoka pa makilomita kupita pa mamailosi. Zisakunyengeni zimenezo, lamulo likadalipo, ndipo wopezeka mbali inayo alibe viza wadziwonongera maulendo a m'tsogolo. Konzani njira yolowa dziko lililonse kamodzi: mutere ku Dublin, muzungulire kumadzulo, mukwere ku Belfast, muwoloke nyanja, mudzanyamukire ku Edinburgh.

Chimene mukugula kwenikweni si galimoto koma munthu woyendetsayo. Pali madalaivala amitundu iwiri. Wina amangoyendetsa, kutsegula chitseko ndi kunyamula zikwama. Winayo, amene amamutcha driver-guide, amadziwa mbiri ya malo, amadziwa nthawi imene mabasi a alendo amafika ku Cliffs of Moher, maphompho a m'mbali mwa nyanja, nkukufikitsani iwo asanafike kapena atachoka, ndipo mvula ikavuta amatembenuza ndondomeko ya tsikulo popanda inu kutaya kanthu. Pepala lanu langoti "chauffeur". Afunseni akuuzeni polemba kuti ndi uti mwa awiriwa, komanso ngati adzakhale yemweyo masiku onse a m'dzikolo. Funsaninso za laisensi: ku Ireland galimoto yonyamula anthu molipiritsa imalembetsedwa ku National Transport Authority, pamene ku Scotland chilolezo chimachokera ku khonsolo ya dera.

Galimoto akulemberani ya Mercedes S-Class ikaneni, ngakhale dzina lake likukoma. Ndi yabwino kwa anthu awiri. Inu muli atatu, aliyense ndi sutikesi yaikulu, ndipo kumbuyo kwake sizingakwane. Komanso ndi yofupika: m'misewu ya kumidzi ya ku Ireland, yokhala ndi mipanda ya miyala ndi zitsamba mbali zonse, wokhala pansi saona kanthu. Tengani V-Class. Mipando yake ndi yokwera, mawindo ndi aakulu, ndipo chitseko chake chotsetsereka sichidzavutitsa mawondo a amayi, makamaka dalaivala akanyamula kopondera. Yoposa pamenepo musaifune. Galimoto ya mipando yopitirira 9 imagwa m'malamulo a mabasi, oti dalaivala apume mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo misewu ina yokongola, monga Conor Pass kufupi ndi Dingle, salola magalimoto akuluakulu.

Pa mtengo, werengani zimene sanalembe. Makampani ambiri amawerengera tsiku la maola 8 kapena 9, kuyambira pokutengani mpaka pokusiyani, ndipo ola lililonse lowonjezera limalipiridwa padera. Chakudya chamadzulo chikakhala kutali ndi hotelo, ndi pamene bilu imatupa. Afotokoze ngati mtengowo ukuphatikiza mafuta, malipiro a misewu, poimika galimoto, sitima zapamadzi, malo ogona ndi chakudya cha dalaivala, ndi matikiti olowera m'malo. Ndalama yothokoza dalaivala si yokakamiza, koma anthu amapereka pa tsiku lomaliza. Funsaninso kuti ndalama zanu zatetezedwa bwanji kampani itagwa. Ku UK lamulo la 2018 la maulendo ogulitsidwa pamodzi limafuna chitetezo chotere. Poti ndalama zakunja zimavuta kwathu, yambani msanga kukambirana ndi banki, chifukwa mahotelo sasunga chipinda kwa munthu amene sanapereke chikole.

Tsopano mitunda, pamene anthu ambiri amalakwitsa. Mapu a pa foni amawerengera ngati simudzaima. Kuchokera ku Dublin kupita ku Galway ndi msewu waukulu, maola awiri ndi theka. Mukangoupatuka, werengerani makilomita pafupifupi 50 pa ola. Ring of Kerry, msewu wozungulira kummwera chakumadzulo kwa Ireland, ndi makilomita 179 okha koma amadya tsiku lathunthu. Kumpoto chakumadzulo kwa Scotland misewu yambiri ndi ya galimoto imodzi, yokhala ndi timalo topatukira. Mukakumana ndi ina, woyandikira kamaloko amaima kapena kubwerera m'mbuyo, ndipo nkhosa zimagona pa phula osalabadira hutala. Msewu wa Bealach na Bà wopita ku Applecross udzakukumbutsani wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, kungoti wa ku Applecross ndi wa phula. Ngati amayi amachita chizungulire m'makona, muulumphe. Tsiku lisapitirire maola anayi oyenda, ndipo mugone masiku awiri pamalo aliwonse, kuti pakhale m'mawa wina wosalongedza zikwama.

Sabata ya ku Ireland ingayende chonchi: Dublin, kenako Killarney kapena Dingle, muwoloke mtsinje wa Shannon pa pantoni ya Tarbert kupita ku Killimer, yomwe imatenga mphindi 20 nkukupulumutsani kuzungulira ku Limerick, muone Cliffs of Moher otalika mamita 214, mugone ku Galway kapena Cong, mutsirize ndi Giant's Causeway ndi Belfast. Chilumba cha Skellig Michael chichotseni. Maboti amapitako kuyambira Meyi mpaka Seputembala basi, nyanja ikalusa sanyamuka, ndipo pali masitepe amiyala oposa 600 opanda pogwira.

Pa kuwoloka, sitima ya Belfast kupita ku Cairnryan imatenga maola awiri ndi mphindi 15, kenako maola ena awiri pamsewu kufika ku Glasgow. Musaumirire kuti galimoto ya ku Ireland iwoloke nanu. Mudzalipira malo ake m'sitima, mudzalipiranso ulendo wake wobwerera yopanda munthu, ndipo munthu wodziwa Kerry sikuti adziwanso chilumba cha Skye cha ku Scotland. Ndi bwino akusiyeni padoko, mukwere ngati oyenda pansi, winayo akuchingamireni kutsidya.

Ku Scotland, tsiku loyamba pemphani akupititseni ku Blantyre, kamtauni kakang'ono kummwera chakum'mawa kwa Glasgow. Nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813, momwe munkakhala antchito a fakitale ya thonje, ndi malo osungira mbiri yake. Sikhala pa ndondomeko za makampaniwa, koma ubwino wa galimoto ya hayala ndi umenewu, ndipo amayi, monga mayi wa Mvano, adzakondwa kuposa kuona nyumba zachifumu khumi. Kuchoka apo mutsate msewu wa A82 kudutsa Loch Lomond ndi Glencoe mpaka Fort William, mulowe ku Skye pa sitima ya Mallaig kupita ku Armadale, mudzatulukire pa mlatho. Malo a galimoto m'sitima za CalMac, kampani yoyendetsa sitima za kuzilumbazi, amatha msanga m'miyezi yotentha, ndipo mphepo imaziimitsa. Skye ndi wabwino chifukwa sitima ikakanika, mlathowo ulipo. Zilumba zopanda mlatho, monga Islay, musaziike pafupi ndi tsiku la ndege. Gofu ija mumaikonda: Old Course, bwalo la gofu la ku St Andrews, satsegula Lamlungu, ndipo amene sanasungitse malo kale amalowa m'maere ochitika masiku awiri lisanafike tsiku losewera, kotero musamangire ulendo wonse pa iyo.

Mwezi wabwino ndi Meyi, kuchiyambi kwa Juni, kapena Seputembala. Mu Juni kuno kumawala maola oposa 17, mu Disembala pafupifupi 7 okha, ndipo malo ambiri a kumidzi amatseka. Ogasiti ndi mwezi wa zikondwerero za ku Edinburgh, zipinda zimadula koopsa. Julaye ndi Ogasiti ndi nthawinso ya midges, tizilombo touluka ting'onoting'ono toluma m'magulu kumadzulo kwa Scotland kukakhala bata. Sitipatsa malungo, koma timathamangitsa munthu panja. Mvula yokha ilibe mwezi. Jekete losalowa madzi ndi nsapato zolimba zidzakuthandizani kuposa ambulera, yomwe mphepo ya m'mbali mwa nyanja imaitembenuza.

Mahotelo a m'nyumba zakale zachifumu, monga Ashford Castle, Dromoland Castle kapena Inverlochy Castle, ndi okongoladi, koma awiri akukwanirani. Ena onse akhale nyumba zabwino za alendo za m'matauni, momwe madzulo mungayende pansi kukamva nyimbo. Nyumba zakale zimakhala ndi masitepe ambiri ndipo si zonse zili ndi chikepe, choncho lembani kuti amayi akufuna chipinda cha pansi chokhala ndi shawa yosakwera.

Chomaliza ndi ndalama za m'thumba. Ku Republic of Ireland ndi yuro, ku Belfast ndi Scotland ndi mapaundi, ndipo khadi imagwira pafupifupi paliponse. Mabanki a ku Scotland ndi Northern Ireland amasindikiza mapaundi awoawo. Amenewo muwathere konkuno, chifukwa osintha ndalama kunja kawirikawiri amawakana.

Akakuyankhani mafunso amenewa, munditumizire pepala latsopanolo ndilione musanasayine. Mundiperekere moni kwa amayi ndi alamu.

Ine mnzanu wa ku Glasgow