Kalata Yotseguka kwa Bwanamkubwa wa Boma la Nsanje

Bwana DC,

Ndikulemba ndili kwa Mlolo, kutsidya lino la Shire, mitambo itayamba kale kuunjikana cha ku Mulanje. Madzi athu kuno sagogoda. Mvula imagwera kumapiri a Mulanje ndi Thyolo, ife n'kugona nyenyezi zili ngwee, koma pofika m'bandakucha Ruo ali pakhomo. Mu Januwale 2015 mtsinjewu udasiya njira yake n'kudzera m'midzi ya ku Makhanga. Kudabwera namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023. Usiku wa Freddy ndidachezera pachulu, mdzukulu wanga ali kumsana, ndikumva mbuzi zanga zikulira m'khola mpaka zidaleka.

Ndiye mawu oti tisamukire kumtunda sitikuwakana ayi. Chimandiwawa n'kumva ena akutitcha osamva, ati timabwerera dala kuchigwa kuti tizilandira ufa ndi mabulangete. Bwana, palibe kholo lingaike mwana wake pakamwa pa ng'ona chifukwa cha thumba la ufa.

Chimatibweza ndi dimba. Madzi akaphwera amasiya matope achonde, tibzala chimanga, mbatata ndi nyemba, tikolola nthawi imene kumtunda kuli gwaa. Kumtundako minda ili ndi eni ake. Mlendo ukapatsidwa pomanga nyumba pokha, popanda polima, miyezi iwiri siitha usanayambe kulowa m'dambo kukazula nyika, mizu ya zomera za m'madzi ija, ndipo amene adadyapo nyika akudziwa kuti si chakudya cholerera ana.

Pempho langa ndi ili. Khalani pansi ndi mafumu athu pamodzi ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mutipezere malo okwera, olembedwa bwinobwino kuti mawa wina asadzatithamangitse, okhala ndi mjigo ndi sukulu, komanso oti munthu n'kulawira m'mawa kukalima kudimba n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Tizigona kumtunda, tizilima kumadimba. Chenjezo nalonso lizifika ndi chimkuzamawu m'mudzi, poti usiku wa mvula mafoni ambiri amakhala atazima.

Bwerani Disembala asanafike, msewu ukadali wodutsika. Malo amene tikuwaganizira tidzakutengerani komweko mukawaone nokha.

Ine wanu,
Mlimi wa kwa Mlolo