Kompyuta imayankhanso kudzera m'khutu ndi m'chala

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira tchuthi chapitachi. Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza, ndipo sindiona. Maso anga anapita ndi chikuku ndili mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Kalata mukuwerengayi ndailemba ndekha pa kompyuta popanda wondigwira dzanja.

Mwana wa mlongo wanga akuphunzira Computer Studies ku sekondale. Madzulo ena tili pakhonde anandipempha kuti ndimumvere akamaloweza za m'kope mwake. Anati zipangizo zolowetsera zinthu mu kompyuta, zomwe m'kopemo azitcha input, ndi kiyibodi, mausi ndi sikana. Zotulutsira, zomwe azitcha output, ndi sikirini ndi pulinta. Analoweza bwinobwino osaphonya. Kenako anakhala chete pang'ono n'kufunsa kuti, "Nanga amalume, poti inu sikirini simuiona, kompyutayo imakuyankhani bwanji?" Mwanayu wakhala akundipeza pa laputopu zaka ndi zaka, koma kope lake linamuuza kuti khomo lotulukira ndi la maso basi. Sindinamudzudzule. Funso lomweli anandifunsapo bambo wina wamkulu, wophunzira bwino, pa mayeso a ntchito ku ofesi ina mu Lilongwe. Kusiyana kwake n'kwakuti bambowo sanadikire n'komwe yankho langa, ndipo ntchitoyo inandipita.

Tiyambe ndi kiyibodi. Chilembo chimene mumachiona pamwamba pa batani ndi penti chabe. Pansi pa mabataniwo pali timizere tamagetsi topingasana ngati nsungwi za lichero. Ukadina batani, timizere tiwiri timakhudzana, magetsi n'kudutsa, ndipo kachipangizo kakang'ono ka m'kiyibodimo kamatumiza nambala ku kompyuta yonena kuti batani la pamalo akuti ladinidwa. Kompyuta ndiyo imakafufuza pa mndandanda wake kuti nambala imeneyo ikuimira A kapena M. Umboni woti pentiyo si kanthu ndi chilembo chathu cha ŵ. Batani lake palibe pa kiyibodi iliyonse yomwe ndinagwirapo, koma nambala yake kompyuta imaidziwa. Mu Microsoft Word mukalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, chilembocho chimatulukira. Tsopano papasani batani la F ndi la J. Mupeza kamzere kotumphuka pa lililonse. Pamenepo m'pamene pamakhala zala za mkombaphala, ndipo zala zinazo zimadziwa kwawo kuchokera pomwepo. Alembi amene anaphunzira pa mataipi akale amalemba osayang'ana m'manja, maso ali pa pepala. Ine ndimachita chimodzimodzi.

Nkhani ili pa kutuluka. M'kati mwa kompyuta mawu oti "nsima" ndi manambala asanu, imodzi pa chilembo chilichonse. Manambalawo akatumizidwa ku sikirini, amayatsa timadontho ting'onoting'ono tomwe kalikonse kamasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu. Pa laputopu zambiri timadonthoti timakhala 1920 m'litali ndi 1080 kutsika, kutanthauza topitirira mamiliyoni awiri, ndipo diso limatiphatikiza n'kuona chilembo. Koma manambala omwewo akhoza kutumizidwa kwina. Pulogalamu yowerenga imawasandutsa mawu apakamwa, magetsi ogwedera n'kudutsa m'kawaya kozengezedwa pafupi ndi maginito mu sipika, kawayako n'kugwedeza kachikopa kopyapyala monga momwe chikopa cha ng'oma chimanjenjemerera, khutu n'kumva kuti "nsima". Kompyuta ilibe nazo ntchito kuti mawuwo atulukira khomo liti.

Pulogalamu yomwe ine ndimagwiritsa ntchito ndi NVDA. Inayamba mu 2006 ku Australia, ndipo amene anaipanga, Michael Curran ndi James Teh, onse awiri ndi osaona. Ndi yaulere. Ilipo ina yakale yotchedwa JAWS, yabwino ndithu, koma mtengo wake mphunzitsi ngati ine sangauyandikire. NVDA imalowa ngakhale mu fulashi, moti ndikafika pa kompyuta ya eni ndimangobaya fulashiyo n'kuyamba ntchito. Pa laputopu yanga ndikadina Control, Alt ndi N imadzuka n'kuyamba kuyankhula. Batani lililonse ndikadina imalitchula, ndikalakwitsa ndimamva nthawi yomweyo. Ndikadina Insert ndi F12 imandiuza nthawi. Masikimu anga, mayeso a kumapeto kwa temu, malikisi a ana opitirira 80 a m'kalasi mwanga, zonse ndimalemba motere. Windows nayo ili ndi wowerenga wakewake wotchedwa Narrator, foni za Android zili ndi TalkBack, ndipo iPhone ili ndi VoiceOver kuyambira 2009. Kutanthauza kuti chipangizo chomwe chili m'thumba mwanu pompano chikhoza kuyankhula, kungoti simunachiuzepo.

Mausi ndiye sindiigwira. Pansi pake pali kagetsi ndi kakamera kojambula pamwamba pa tebulo kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kuuza kompyuta kuti dzanja lasunthira uku mwakuti. Kamuvi kamene kamayenda pa sikirini kamafuna diso. M'malo mwake ine ndimayenda ndi batani la Tab, mabatani a mivi ndi Enter, ndipo ndimafika paliponse pamene mausi ingafike ngati wokonza pulogalamuyo anaganizako za ife.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi sikana, ndipo apa ndikupempha alembi a m'maofesi amve bwino. Sikana siwerenga. Kandodo kowala kamayenda pansi pa galasi, timaso take n'kuyeza kuti apa pepala layera, apa lada, ndipo chotuluka chake ndi chithunzi cha pepala. Kwa inu woona, chithunzicho ndi kalata. Kwa kompyuta, mulibe chilembo ngakhale chimodzi, muli timadontho tokhatokha. Ndiye taonani zomwe zimachitika. Mlembi amalemba chikalata pa kompyuta, m'menemo zilembo zili zamoyo ndipo NVDA ikanaziwerenga bwinobwino. Amachipulinta, bwana amasayina ndi kudinda, kenako amachiika pa sikana kapena kuchijambula ndi foni n'kutitumizira pa WhatsApp. Chikandipeza ine, pulogalamu yanga imangoti "chithunzi" n'kukhala duu. Chaka chatha ndinaphonya maphunziro a aphunzitsi chifukwa kalata yoitanira inabwera motere, yojambulidwa mopendekeka, ndipo tsikulo munthu woti andiwerengere panalibe. Alipo mapulogalamu otchedwa OCR omwe amayesa kuzindikira zilembo m'chithunzi, ndipo ndimawagwiritsa ntchito, koma chidindo chikagwera pa deti kapena pepala likakhala lokwinyika, amatulutsa zosamveka. Komanso si chinthu chabwino kuti kalata ya malipiro anga kapena ya kuchipatala ndizipempha mwana wasukulu kuti andiwerengere. Mankhwala ake ndi osavuta: tumizani chodindacho, koma muphatikizepo fayilo yoyamba ija musanaipulinte.

Palinso khomo lachitatu, la chala. Louis Braille wa ku France, yemwe anabadwa mu 1809, anatisiyira timadontho tisanu ndi kamodzi totumphuka tomwe timapanga zizindikiro 63. Ambiri a ife tinaphunzira kulemba pa makina a Perkins, a mabatani asanu ndi limodzi a timadontho aja, pansi pa aphunzitsi omwe anasulidwa ku Montfort ku Nguludi. Lero kuli pulinta ya Braille, yotchedwa embosa, yomwe m'malo mopopera inki imakhoma pepala lokhuthala ndi tinyundo, ndipo phokoso lake limamveka mpaka panja. Kulinso kachipangizo konga rula yonenepa komwe timisomali take timakwera ndi kutsika malinga ndi mzere womwe uli pa sikirini. Ndinakagwirapo kamodzi kokha pa msonkhano ku Blantyre, ndipo sindidzaiwala. Kumva ndi khutu kumathandiza, koma mwana amaphunzira kalembedwe koyenera, pamene pali mpumiro ndi pamene mawu alekana, akagwira ndi chala. Tsoka lake mtengo wa kachipangizoka ndi wa madola ochuluka zedi, ndipo m'sukulu zathu n'kosowa.

Monga mphunzitsi wa Chichewa ndili ndi dandaulo linanso. Liwu la Chingerezi likamawerenga "ng'ombe" kapena "mnyamata" limapotoza mpaka sungadziwe kuti ndi chiyankhulo chako. Ine ndinachita kusankha liwu la Chiswahili lomwe limabwera ndi NVDA, popeza mavawelo ake asanu amamveka ngati athu. Limandipulumutsa, koma kukwera ndi kutsika kwa mawu athu silikudziwa, moti "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika ndimachita kusiyanitsa ndi chiganizo. Achinyamata athu amene akuphunzira za makompyuta ku MUST, ku MUBAS ndi ku UNIMA, ntchito ndi imeneyo. Ofuna kujambula mawu a Chichewa chomveka bwino atipeza, tilipo ambiri okonzeka kukhala tsiku lonse pa maikolofoni.

Kwa aphunzitsi anzanga a Computer Studies, pempho langa ndi ili. Mukafika pa mutu umenewu, sipika musangoitchula ngati chipangizo chomverera nyimbo, ndipo embosa ilowe nawo pa mndandanda. Ngati sukulu yanu ili ndi makompyuta, ikanimo NVDA pa imodzi yokha n'kugula mahedifoni a pamsika. Mwana wa mlongo wanga uja ndinamuveka mahedifoni usiku womwewo, ndinaphimba sikirini ndi chitenje cha mayi ake, n'kumuika zala pa F ndi J. Zinamutengera mphindi zingapo kuti apeze zilembo za dzina lake, koma atamva kompyuta ikulitchula anaitana abale ake onse kuti adzamve. Ana amenewa ndiwo adzakhale pa mipando yolemba anthu ntchito mawa, ndipo ndikufuna wosaona akadzalowa m'chipindamo adzamufunse za ntchito imene wafunsira.

Mphunzitsi wosaona,
Dedza