Za galimoto yatsopanoyo ndi oilo wake

Aise,

Zithunzi ndaziona zonse, koma ndiye wagula chinthu mwene, mapulasitiki akadali pamipando kkkk. Zabwino zonse. Mafunso ako aja a kuzoloweretsa injini yatsopano (kuiyendetsa mosamala makilomita oyamba), nthawi yokhetsa oilo woyamba ndi kuyezetsa oilo ku labu sindinafune kuyankha pa voice note, ndikanangolubwa iwe nkutolapo theka, nde ndati ndikhale pansi ndilembe.

Wogulitsa uja akuti injini za masiku ano sizifuna kuzoloweretsa, ingokwerani muzipita eti? Sananame kwenikweni koma sanamalize nkhani. Khoma la mkati mwa silinda, chibowo chimene pisitoni imakwera ndi kutsikamo mu injini, silikhala losalala ayi, kufakitale amalikanda dala timizere topingasana tating'ono kwambiri, timene timasunga oilo. Maring'i a pisitoni, timphete tachitsulo tozungulira pisitoniyo, akamakwera ndi kutsika amapalana ndi nsonga za timizereto ngati tupa, mpaka ring'i ndi khoma zigwirane osasiya mpata. Ndipo chimene chimakanikiza ring'i kukhoma si kulimba kwa ring'i yokha, ndi mpweya wa moto uja, ukaphulika umalowa kuseri kwa ring'i nkuikankhira kunja. Nde injini yatsopano ukamangoiliza pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, kapena kuinyengerera mopitirira muyeso, mphamvu imeneyi imachepa, khoma limatha kuterera maring'i asanakhazikike ndipo mapeto ake ndi galimoto yomwa oilo. Makina a panopa amasalaziratu nsonga zambiri kufakitale komweko, nchifukwa chake ntchito yotsalira iwe ndi yochepa kusiyana ndi ya madala akale, koma iliko.

Buku limene labwera ndi galimotoyo ulitsegule, anthu amangolisiya mu dashibodi mpaka kudzagulitsa galimoto lisanavundukulidwe. Mabuku ambiri a Toyota amati makilomita 300 oyamba usamaponde buleki modzidzimutsa, 800 oyamba usakoke ngolo, ndipo mpaka 1000 usathamange kwambiri, usanyamuke mwaukali, usakhalitse mu giya yaying'ono komanso usayende sipidi imodzimodzi nthawi yaitali. Subaru amati osapyola ma rev (kuzungulira kwa injini pa mphindi) 4000 mpaka makilomita 1600. BMW amafika nazo pa makilomita 2000, ya petulo osapyola ma rev 4500, ya dizilo 3500. Manambala akusiyana koma mutu ndi umodzi, injini igwire ntchito yosinthasintha osati kuizunza. Za makilomita 300 zija si za injini koma za mabuleki, ma padi ndi ma disiki nawo amafuna adziwane kaye, matayala atsopano nawonso amakhala oterererako masiku oyambawa.

Ine mmene ndimaonera, cholakwika chachikulu si kuthamanga, ndi kutenga galimoto yatsopano nkupita nayo ulendo wautali pa msewu wowongoka utayatsa cruise control, ija imagwira sipidi imodzimodzi yokha, singano ili pamalo amodzi maola atatu. Bola misewu ya zitunda ndi makona, pena ukuponda moto pang'ono, pena ukusiya giya ikugwire potsetsereka. Ingodikira injini itenthe kaye usanaiponde, ndipo kutenthetsa kwabwino ndi kuyenda nayo pang'onopang'ono osati kuisiya ikulira pakhomo iwe ukusamba. China, usaikoke pa giya yaikulu sipidi ili pansi mpaka injini kumachita kunjenjemera, zimenezo zimapweteka mabering'i kuposa ma rev okwererako.

Tsopano za oilo woyamba, apa ndi pamene anthu amakanganira mpaka kutukwanana. Ena amati ukhetse msanga pa makilomita 1000 kapena 1500 chifukwa muli tinyenyeswa ta chitsulo tochokera ku kupalana kuja, ena amati fyuluta ntchito yake ndi imeneyo, dikira sevisi yoyamba. Onse ali ndi pogwira. Honda m'mabuku awo akhala akulemba kuti oilo wa kufakitale usamuchotse nthawi yake isanakwane, pomwe BMW pa magalimoto awo aliwiro a M amakuitanitsa okha pa makilomita 2000 kuti adzasinthe. Nde ukamva wina akulumbira kuti lamulo ndi limodzi pa galimoto iliyonse udziwe kuti akungokamba za yake. Fyuluta wamba imagwira bwino tinthu ta ma micron 20 mpaka 30 kupita mmwamba (ma micron 1000 ndiwo milimita imodzi), kunenepa kwa tsitsi la munthu kumakhala cha mma 70, totsalato tating'ono timangozungulira mu oilo mpaka tsiku lokhetsa. Kodi timawononga? Pang'ono kwambiri, magalimoto ochuluka zedi amadikira sevisi yoyamba ndipo amakalamba bwinobwino. Koma ngati buku lako silikuletsa ndipo galimotoyo ukufuna ukhale nayo zaka zambiri, ine ndikanasintha kamodzi kuzoloweretsa kukangotha, oilo ndi fyuluta yomwe. Si kuti injini ifa ukapanda kutero, kungoti oilo ndi wotchipa kuyerekeza ndi china chilichonse chili pansi pa boneti.

Ukasintha msanga chonchi sevisi ya m'buku ija usaidumphe, ipitebe pa nthawi yake, ndipo malisiti usunge onse olemba tsiku ndi makilomita chifukwa walanti imafuna umboni osati pakamwa. Oilo akhale amene walembedwa pa chivindikiro kapena m'buku, nambala ya kulemera kwake ngati ndi 0W-20 ndi 0W-20 basi, usamvere zoti ndi wamadzimadzi thirani wolemera, mipata ya mkati mwa injini zatsopanozi ndi yothina ndipo anaipangira oilo ameneyo. Uyang'anenso kuseri kwa botolo, ngati injini yako ndi ya petulo ya turbo pezani wolembedwa API SP kapena woposa pamenepo, mulingo umenewu unabwera mu 2020 ndipo china chimene unadzera ndi vuto loti petulo amaphulika nthawi isanakwane pa ma rev otsika mpaka kuswa pisitoni. Zoti oilo wa synthetic amalepheretsa maring'i kukhazikika ndi nkhani yakale, magalimoto ambiri amatuluka mufakitale ali naye kale mmimba.

Tsiku lokhetsalo ukhalepo ngati angakulole. Beseni la oilo uja ulitengere padzuwa nkulipendeketsa, uona kunyezimira kosalala ngati muli fumbi la siliva, usadandaule ndi zimenezo pa oilo woyamba. Chodetsa nkhawa ndi tizidutswa toti ukatipaka pakati pa zala ukutimva kukanda. Makaniki wodziwa ntchito amatha kudula fyuluta yakale nkutambasula pepala la mkati lija, mmakwinya mwake ndi mmene mumabisala zoona zake, ukadutsitsapo maginito zachitsulo zimamata, za aluminiyamu ndi mkuwa zimatsala. Washala wa pa bauti ya sampu, mphika wa oilo wa pansi pa injini, aikepo watsopano, ndipo asamange ngati akulimbana ndi mdani, masampu ambiri pano ndi a aluminiyamu mazinga ake sachedwa kutha.

Za kuyezetsa oilo ku labu ndi zimene ndikufuna undimvetsetse, chifukwa ndikukudziwa iwe, ukaona nambala yofiira sugona. Makampani ake alipo monga Blackstone ku America ndi WearCheck, amakupatsa kabotolo, umathiramo oilo cha mma 100 ml nkutumiza. Utenge injini ili yotentha, ndipo osati woyamba kutuluka kapena wotsiriza, ulole ayambe wathika kaye nkutchera kabotolo pakati. Ulembe makilomita a galimoto, makilomita amene oiloyo wayenda, mtundu wake ndi ngati unathirako wina panjira, popanda zimenezi manambala awo sathandiza. Zotsatira zimabwera mu ppm, kutanthauza magawo angati pa miliyoni. Chitsulo chimachokera kukhoma la silinda ndi ku kamshafuti, aluminiyamu ku mapisitoni, chromium ku maring'i, mkuwa ku mabering'i kapena ku choziziritsira oilo. Sodium ndi potassium akakwera limodzi kawirikawiri ndekuti madzi oziziritsa injini akulowa mu oilo. Amayezanso kulemera kwa oilo pa madigiri 100 a Celsius, kuchuluka kwa petulo amene wasakanikiramo, ndipo ukapempha amaonanso TBN, mphamvu imene yatsala yolimbana ndi asidi.

Nde pepala la zotsatira za oilo woyamba lidzakuopseza, ndikukuuziratu. Chitsulo chidzakhala chokwera, mkuwa wokwera, silikoni wokwera. Pa injini yakale silikoni wambiri amatanthauza kuti fumbi likudutsa pa fyuluta ya mpweya, koma pa yatsopano nthawi zambiri ndi guluu uja amamatira sampu ndi makava kufakitale, amasungunukira mu oilo pang'onopang'ono. Molybdenum naye akhoza kuoneka wambiri chifukwa cha mafuta amene amapaka pomanga injini. Ukathamangira kwa wogulitsa ndi pepala limeneli uli kukalipa adzangokuyang'ana. Phindu lake ndi loti ukhale ndi poyambira, ukadzayezanso kachiwiri ndi kachitatu manambala aja azitsika mpaka kukhazikika, akamakwera mmalo motsika ndiye pali nkhani ndipo umboni uli nawo mmanja walanti isanathe. Labu ikhale imodzimodzi, ukamasinthasintha sungafananize bwino. Udziwenso kuti makina awo amaona tinthu tating'onoting'ono tokha, tosapyola ma micron 10, chidutswa chachikulu chothyoka samachiwerenga, nde pepala loyera silikutanthauza kuti usiye kumvetsera kulira kwa injini kapena kuyang'ana mu fyuluta.

Kunena chilungamo, ngati ndalama yoyezetsa ndi ya kamodzi kokha, usaitayire pa oilo woyamba. Udzayeze wachitatu, utamuyendetsa mtunda wonse wa m'buku, pamenepo ndi pamene udzadziwe ngati makilomita 10,000 kapena 15,000 amene akulonjezawo akugwirizana ndi mayendedwe ako. Iwe paja kuntchito ndi pafupi, injini imazima isanatenthe nkomwe, maulendo afupiafupi otero ndi amene amadzaza petulo ndi chinyezi mu oilo makamaka nyengo yozizira, ndipo mabuku amawaika mgulu la ntchito yolemetsa limodzi ndi misewu ya fumbi ndi kukoka ngolo, sevisi yake imafupika mwina mpaka theka.

Pakadali pano dipstick, kandodo koyezera mlingo wa oilo, uziisolola ukamathira petulo, galimoto ili pamalo osapendekeka ndipo injini itazima kwa mphindi zingapo. Kutsikako pang'ono miyezi yoyambayi ndi kwabwinobwino. Koma oilo akamakwera yekha kupyola pa chizindikiro chapamwamba nkumanunkha petulo, usadikire sevisi, pita nayo akaione.

Unditumizire chithunzi cha tsamba la sevisi la m'bukumo ndi la mtundu wa oilo tione limodzi. Moni kwa alamu ndi ana, uwauze asayambe kudyera mgalimoto mapulasitiki akangochoka.

Ndine mnzako uja.